Nyali ya m'thumba

Mwana anali gone m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha. Mayi ake anaima kumutu kwa bedi, akumvetsera wapolisi akufunsa amuna awo.

"Galimoto inakugundani mdima utagwa kale, mwana mutamukweza kumbuyo kwa njinga. Nyali inali kuti?"

Bambowo anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kuitulutsa, yatsopano, yonyezimira.

"Nayi bwana, ndili nayo! Kungoti mabatire ndi odula. Ndimayatsa ndikaona apolisi kutsogolo."

Ananena monyadira, mano onse pamtunda. Mayiwo anayang'ana zala zotupa za mwanayo, kenako nkhope ya munthu amene ankamutcha mutu wa banja.

"Yatsanitu, bambo a mwana," anatero. "Apolisi ndi awa."