Ndikangoimirira

"Gwirani apa," anatero adokotala, akuika zala za amuna anga pamkono panga. "Tsopano mayi, imirirani."

Ndinaimirira. Mtima unayamba kuthamanga ngati ndakwera phiri, m'maso munachita mdima. Komabe ndinaona nkhope ya amuna anga ikusintha. Zaka zonsezi ankati ndi ulesi, ati ndimakomoka dala ndikaona zovala zoti ndichape.

"Mtima kugunda chonchi, kungoimirira kokhaku?" anafunsa amuna anga.

"Tsiku lililonse," anayankha adokotala, akundigoneka. "Mitsempha yowongolera mtima ndi kayendedwe ka magazi sikugwira bwino ntchito. Mwina asilikali a m'thupi mwawo momwemo ndi amene akuiwononga, koma sitinatsimikize. Tiyeza magazi."

Adokotala atatuluka, amuna anga anatambasula dzanja kuti andidzutse mondikoka, monga amachitira m'mawa uliwonse. Dzanjalo linaima m'malere. Kenako anagwada, n'kutola nsapato zanga pansi pa bedi, n'kuyamba kundiveka.

"Amake mwana, ndinene chiyani?"

"Kwa ine musanene kanthu," ndinatero. "Mukawauze amayi anu ndi alongo anu, ana akumva. Mukanene mokweza, ngati mmene munkanenera za ulesi wanga."