Kabokosi ka pa Geti ku Kapata

"Mlamu, tatulukani panja muyese kakiyi kanu," anatero Abednego, mkulu wake wa malemu mwamuna wa Tiyamike.

Tiyamike anapukuta manja pachitenje. Mmisiri anali atamaliza kukhoma kabokosi kakuda pa geti la nyumba yake ku Kapata. Ankagunditsa timakiyi tapulasitiki pakabokosipo kamodzikamodzi, kuti kadziwe oyenera kuwatsegulira. Zinthu zothwanima timagetsi izi si zokhulupirira, anthu inu, makamaka zikabwera ndi akuchimuna maliro atangotha kumene. Koma mkazi wamasiye akanakana bwanji?

Anatuluka wosavala nsapato, ndipo geti linadzitseka lokha kumbuyo kwake.

Anagunditsa kakiyi. Kabokosi kanalira n'kuyatsa kagetsi kofiira. Anakapukuta n'kugunditsanso, koma kagetsi kanali kofiirabe.

"Alamu, kakukana!"

"Yesaninso bwinobwino, musathamange."

Mmisiri anasuzumira pa kompyuta yake. "Bwana, kakiyi kameneko ndi kaja munati ndikadumphe."

"Iwe, ntchito yako ndi mawaya."

Mkatimo Tamanda, mwana wa Tiyamike, anayamba kulira akugwedeza zitsulo za geti. Azakhali ake, mlongo wa Abednego, anamunyamula n'kulowa naye m'nyumba.

"Alamu, nditsegulireni! Mwana wanga!"

"Nanga ine nditani, mlamu? Makina sadziwa chibale. Mukafulumira muipeza minibasi ya kwa amayi anu ku Chiparamba." Kenako anatembenukira kwa mmisiri. "Ndiye kakugwira ntchito bwino kabokosika?"

Mmisiri anayang'ana pansi, akukulunga waya.

"Kakugwira, bwana."