Bokosi la Anthu Awiri

Chiyambireni lamulo loti ndiwo zizibwera m'mabokosi, khomo lililonse m'mudzi wa Kalimbira limalawa makampani atatu, kenako n'kusankha imodzi ya chaka chonse. Bokosi limayezera anthu olembetsedwa okha. Kwa Felesiya olembetsedwa anali awiri, iyeyo ndi amuna ake a Gelevazio, koma pamphasa ankakhala atatu. Mng'ono wake Eneti anali atathawa nkhanza kubanja, chiphaso chake n'kutsala komweko.

Kandege kopanda woyendetsa kanatsitsa bokosi loyamba Lolemba: ntchafu ziwiri za nkhuku, anyezi, ndi kapepala ka kaphikidwe. Fungo linafika mpaka kumsewu. Eneti ananamizira mutu, nakakhala kuseri kwa nyumba.

Lachiwiri linali la chambo chiwiri. Felesiya anadula patatu, koma Eneti anangotsinako pang'ono n'kusamba m'manja.

Lachitatu munali nyemba ndi kabichi, mchere wake wongonunkhiza. Felesiya anawonjezera madzi, poto inadzaza, ndipo Eneti anadya osayang'ana m'mbale ya mnzake.

Tsiku losankha, foni ili m'manja mwa a Gelevazio, Felesiya anachita manyazi kupempha. Munthu angamane bwanji amuna ake nyama chaka chathunthu chifukwa cha m'bale wake?

“Bambo, sankhani zomwe mtima wanu ukufuna,” anatero.

A Gelevazio anadina kampani ya nyemba, n'kutembenukira kwa Eneti.

“Alamu, akulu anuwa nyemba amazisiya zolimba. Chaka chino muzitiphikira ndinu.”