Kiyi ya M'jekete la Esau

Linah anafika pa ofesi ya bungwe la alimi kutada kale, akutukwana njila yonse. Abwana anamubweza kuti akatenge malipoti, mawa akwele nawo minibasi mpaka ku Chipata, ngati iye ndiye positi.

Chiyambile 1997, ntchitoyi inali ya makompyuta awili. Ya ku Lundazi ndi ya ku Chipata zinkaimbilana zokha pa waya wa foni, n'kupatsana makalata okhoma. Kiyi yake inali pa disiketi imodzi, ndipo Esau, kalaliki mnzake, abale anamuika m'manda atavala jekete la kuntchito, disiketiyo ili m'thumba.

"Anthu akuluakulu, kulephela kupisa m'thumba!" anatelo Linah, akukankha chitseko.

M'katimo kompyuta inali kulila monga inkachitila polonjelana ndi inzake. Pagalasi panalembedwa kuti kiyi yalandilidwa.

"Ndani akusewela ndi katundu wa ofesi?" anakalipa. "Tulukani!"

Makina osindikizila analavula pepala: "Monile, a Linah. Mwanditukwana kokwanila. Ndabweza."

Linah anadina batani, disiketi n'kutuluka. Inali yozizila, ndipo dothi lofiila linamugwela m'manja likadali lonyowa.