Mphunzitsi Amene Anachita Manyazi Kufunsa Dzina

Panali munthu wina, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito, amene mpaka lero sabisa cholakwa chake: anataya ndalama za mchemwali wake chifukwa chochita manyazi kufunsa munthu dzina.

Mchemwali wakeyo anali wamasiye. Ndalama zimene kampani inapereka mwamuna wake atamwalira anazisungitsa muakaunti ya mphunzitsiyo. "Achimwene, inu ndinu ophunzira," anatero. "Zikhale kwa inu mpaka mtsikana wanga adzalowe kukoleji."

Chaka china kunabuka mphekesera pamafoni yakuti banki imene munali ndalamazo ikugwa. Mphunzitsi anavala jekete.

"Bambo, mukafunse kaye abwana a banki, musakasaine kanthu lero," anatero mkazi wake. "Mafoni omwewa analengeza kuti aneba athu amwalira. Suja munawapeza akutsuka galimoto?"

"Mayi, ndaphunzitsa masamu zaka makumi atatu. Za ndalama mundiphunzitse ndinu?"

Kubanki anapeza mzere utafika kumsewu, ndipo pachitseko panali chikalata chakuti aliyense azitapa zochepa patsiku. Mayi wina wodutsa anamupatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji aphunzitsi?" Posakhalitsa kunabwera mwamuna wovala tayi, khadi likulendewera pakhosi, namugwira dzanja ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, mwandiiwala? Ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera. Munandikwapula chifukwa cha samu yogawa."

Nkhopeyo sanaidziwe konse. Koma mphunzitsi savomera kuti waiwala mwana amene anamuphunzitsa, makamaka mwanayo akavala tayi pagulu.

"Ndakukumbuka," ananama. "Unali waulesi."

"Ndodo yanu ndi imene inandilowetsa ntchito muno," anaseka munthuyo. Kenako anatsitsa mawu. "Lachisanu tikutseka. Ife antchito tasamutsira kale zathu kuakaunti yotetezeka. Kutapa ndiye akuletsa, koma kusamutsa ayi. Ndingakusiyeni bwanji pamzere, bambo anga?"

Anatulutsa fomu yolembedwa kale nambala ya akaunti. Munthu amene kwa zaka makumi atatu ankakalipira ana kuti aziwerenga funso kawiri asanayankhe, anasaina osawerenga. Pakauntala, kalaliki wa banki anamuyang'anitsitsa.

"Bambo, mwini akaunti mukutumizako ndalamayu mukumudziwa?"

"Ndinamuphunzitsa ndine," anayankha monyada.

Lachisanu banki inatsegula. Lolemba inatsegulanso. Atapita kukafunsa, abwana a banki anamuuza kuti akaunti yotetezeka yoteroyo kulibe, ndipo akaunti imene anatumizako ndalama inatsegulidwa ndi chiphaso chakuba, ndalamazo zinatapidwa kale.

"Amene anakupatsani fomuyo dzina lake ndani?"

Dzinalo mphunzitsi sanalifunse. Pomwepo anakumbukira moni wa mayi uja: tambwaliyo anangomva mawu akuti aphunzitsi, zotsalazo mphunzitsi anamupatsa yekha.

Sanatume munthu. Anapita yekha kwa mchemwali wake nafotokoza zonse ataimirira, osachepetsako kanthu. Mayiyo anatulutsa kalata m'chikwama.

"Achimwene, mwana wasankhidwa kukoleji. Ndimuuze chiyani?"

"Mumuuze alongedze katundu. Apita."

Anagulitsa galimoto yake nalipira chaka choyamba. Kenako anapukuta bolodi lakale, naliimika pakhonde, nayamba kuphunzitsa ana a anthu masamu masana aliwonse. Maso akumuvuta, choko chikumutsokomoletsa, anzake opuma pantchito akumuseka kuti wabwerera m'goli.  Mwezi ukatha iye amanyamula zimene wapeza kupita nazo kwa mchemwali wake. Mayiyo amalandira, amathokoza mwaulemu, koma mawu aja akuti "inu ndinu ophunzira" sanawatchulenso.

Phunziro: Mukamva kuti banki ikugwa, lowani mkati mufunse abwana ake pamaso, ndipo musasaine pepala limene mwapatsidwa pamzere. Wokuthamangitsani ndi ndalama zanu si mnzanu. Munthu akati mumamudziwa, mufunseni dzina. Manyazi a mphindi imodzi sapha. Tumizani nkhaniyi kwa ena, makamaka kwa ophunzira kwambiri, pakuti ndi amene samva za akazi awo. Mphunzitsi uja wabweza kwa zaka zinayi tsopano. Theka la ndalama za wamasiye sanabwezebe.