Chibangili cha Ndaziona

Chibwerereni ku koleji, Ndaziona amavala chibangili cha ngongole ya sukulu. Akangopezeka pagulu la anthu opitirira asanu chimalira, ati chimenecho ndi chionetsero, chiwongoladzanja n'kukwera. Pakhomo pa mayi ake, a Nachisale, alipo asanu ndi mmodzi, ndiye bambo amadyera kuseri kwa khola. Ulaliki wa Lamulungu mwanayo amaumvera ali kutsidya kwa msewu.

Mjigo utatha miyezi itatu uli wakufa, amayi a m'mudzi anabwera, zigubu zili m'manja. A Nachisale anaima pachipata n'kumawalowetsa atatuatatu ngati kuchipatala.

"Mawa tikukadandaula kuboma," anatero mmodzi. "Unaphunzira za madzi ndiwe. Titsogolere, mwanawe."

Ndaziona, yemwe ku koleji ankatseketsa misewu ndi mawu ake okha, anayang'ana pamkono.

"Pepani amayi, ndiyambe ndamaliza kubweza."

"Liti?"

"Zatsala zaka makumi awiri."

A Nachisale anamangitsa chitenje m'chiuno, n'kutola chigubu.

"Tipita tokha, ife mbuli. Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri kuti akam'tsegule mutu, iwo andibwezera atam'tseka pakamwa."