Timitengo Tiwiri ta Salka

Linali tsiku lachitatu Teslem asanameze kanthu, ndipo Salka, mayi ake, anayamba kuchita mantha.

Anali m'hema kuseri kwa nyumba yawo ku Kiffa, tauni ya m'chipululu, dzuwa lili paliwombo, mchenga ukuwotcha. Salka anagwada pamkeka n'kufikitsa mbale yamtengo pakamwa pa mwana wakeyo. Mkaka wa ngamira unalowa bwinobwino, kenako unatulukira mbali imodzi ya mlomo n'kutsikira m'khosi.

"Meza, Teslem. Kamodzi kokha, mwana wanga."

Teslem anangomuyang'ana, misozi ili chuchuchu.

Zinali zochititsa manyazi ndithu. Mu Kiffa monse ndani sankamudziwa Salka? Mayi akaona kuti mwana wake wauma ngati ndodo, amuna akungomupitirira, ankabwera naye kuno. Miyezi iwiri ya mkaka ndi phala la mawere lothira mafuta, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, mtsikana ankatuluka akudzaza khomo, khungu lili mizeremizere, n'kukwatiwa chaka chomwecho. Akasanza, Salka ankangodzaza mbale ina. Palibe mwana wa munthu amene anamukanika. Lero ankamukanika wake weniweni, wobala yekha.

Ndiye Lachisanu abale a Ethmane ankayembekezeka kubwera kudzamuona Teslem, kuti agamule ngati n'kumutenga kapena ayi. Anthu amenewo Salka ankawadziwa bwino. Maso awo ankayeza munthu ngati ngamira ya pamsika. Akamupeza wofooka chonchi adzamwa tiyi, adzatsanzika mwaulemu, ndipo sadzapondanso pakhomo pano.

Mbarka, woyandikana naye nyumba, anasuzumira pampanda.

"Wameza, mayi a Teslem?"

"Ngakhale dontho."

"Inu amene munamwetsa ana a tauni yonse? Kodi manja aja akalamba?" Mbarka anafuna kuseka, koma kuseka sikunabwere. "Musamukakamize, anzanga. Thupi lili ndi malire ake."

"Malire? Akapanda kudya ndimutaya mwanayu. Inu anu muli nawo asanu."

Mbarka anachoka pampanda.

Salka anayesa zonse. Ananyengerera, anaimba kanyimbo kaubwana, anakalipa, anatchula dzina la Mulungu. Anachepetsa mkaka mpaka kungotsala wokwana pachikhatho. Teslem anatembenuzira nkhope kumbali, dzanja lili gone pamkeka.

Pamenepo maso a Salka anagwera pamzati wa hema. Panali patapachikidwa timitengo tiwiri, tomangidwa pamodzi ndi kachikopa mbali imodzi, toterera chifukwa chogwiridwagwiridwa. Njira imeneyi anaiphunzira kwa mayi ake, ndipo ina sankaidziwa: mwana akakana mbale, umamupana zala zakumapazi, akatsegula pakamwa kuti alire, umathira mkaka. Sinalepherepo.

Anatsitsa timitengo tija, n'kupukuta fumbi ndi nsonga ya nsalu yake. Mtima unkamupweteka kwambiri, koma anadziuza kuti bola mwana alire lero kusiyana n'kuti amayi alire mawa.

"Undikhululukire, mwana wanga," ananong'ona.

Anagwira phazi lakumanzere, analowetsa zala pakati pa timitengo tija, n'kufinya.

Zii.

Anafinyanso, mwamphamvu, mpaka zala zake zomwe zinayamba kuwawa. Anadikira kukuwa kuja kumene anakuzolowera, mbale ili chire m'dzanja linalo. Teslem ankangoyang'ana denga la hema. Patapita kanthawi anatsitsa maso, n'kuona mayi ake atawerama kumapazi, thukuta lili kamukamu.

"Ama," anatero, lilime likulemera, "mu... mukutani?"

Salka anaponya timitengo tija kutali, anakumbatira phazilo n'kulira mokweza.

Phazi limeneli analipana koyamba zaka makumi atatu zapitazo, Teslem ali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, ndipo tsiku limenelo kulira kwake kunamveka mpaka kumsika. Lero Teslem, mkazi wa Ethmane, mayi wa ana anayi, amene anabwezedwa kwa mayi ake atadwala, sankamvanso kanthu mbali yonse yakumanzere. Mtsempha unamuphulikira m'mutu mwezi watha, ndipo adokotala anati mtima unatopa kunyamula thupi lija, thupi limene Salka analimanga yekha, mbale ndi mbale.